Kuchoka pa msuzi kufika pa mbamu ya nsima: zolemba zanga za masabata khumi

Lachisanu, 6 Juni. Tsiku 3

Opaleshoni inachitika Lachiwiri, pa 3 Juni, pachipatala china kumpoto kwa Johannesburg, ndipo ananditulutsa dzulo masana. Dzina lake ndi sleeve gastrectomy, opaleshoni yochepetsa chifu kuti munthu achepe thupi. Adokotala anaboola timabowo tisanu pamimba, analowetsa kamera ndi zida zawo, n'kudula chifu m'litali mwake. Gawo lalikulu, pafupifupi magawo 8 mwa 10, analichotseratu. Chotsala ndi kathumba kakatali ngati nthochi, kotsekedwa mbali imodzi ndi mzere wa tizitsulo ting'onoting'ono. Mzere umenewo ndi bala la mkati. Likapanda kupola bwino n'kuyamba kudontha, munthu umabwereranso pa tebulo la opaleshoni. N'chifukwa chake chakudya sichibwera tsiku limodzi: zamadzimadzi kaye, kenako zogaya, kenako zofewa, zolimba pomaliza.

Ndilembe pomwe ndikuyambira. Ndili ndi zaka 44, msinkhu 1.63 m. Pamene ndinkayamba kuonana ndi madokotala sikelo inkaima pa 118 kg, BMI 44 (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu). Shuga ndakhala naye zaka 7, BP nayonso, ndipo masitepe a pafulati yathu kuno ku Rosettenville ndinkakwera ndikupumira pakati. Masabata awiri opaleshoni isanachitike anandiika pa zakudya zochepetsa chiwindi, chifukwa chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu ndipo chikachuluka mafuta chimatchinga adokotala. Tsiku lolowa m'chipatala ndinali 114 kg.

Pepala lomwe andipatsa lili ndi ntchito ziwiri za tsiku ndi tsiku: madzi malita 1.5, mapuloteni magalamu 60. Ndili ndi kakapu ka mankhwala ka 30 ml. Kuti malita 1.5 akwane, kakapu kameneka kayenera kudzadza ka 50. Ndikamamwa kamodzi pa mphindi 15 zilizonse, ndiye kuti ndi maola 12 ndi theka. Lero ndafika pa 27 basi.

Lolemba, 9 Juni. Tsiku 6

Madzi ozizira sakulowa. Akangofika pachifuwa amauma ngati mwala, ndipo ndimachita kugwira pakhoma. Ofunda akupita bwino, makamaka tiyi wa rooibos wopanda shuga ndi msuzi wa nkhuku wosefa, womwe ndauchotsa mafuta onse a pamwamba utazizira. Juni wa kuno ndi wouma kwambiri. Mzindawu uli pamtunda woposa mamita 1,700, mphepo yake imang'amba milomo, koma chifukwa cha kuzizira ludzu sulimva. Munthu ukhoza kuuma thupi uli m'bulangeti osadziwa. Ndikuyang'ana mkodzo: ukakhala wakuda ngati tiyi, ndiye kuti ndatsalira.

Kugugudiza n'koletsedwa, straw n'njoletsedwa, zakumwa za gasi n'zoletsedwa, chifukwa zonsezi zimalowetsa mpweya m'kathumba kopanda malo.

Dzulo mutu unandivuta kwambiri. Abambo akunyumba, pofuna kundithandiza, anatsikira ku spaza, kagolosale ka pafupi, n'kubwera ndi Grand-Pa, mankhwala aufa a mutu, monga timachitira nthawi zonse. Ndinali nditang'amba kale kapepala pamene ndinakumbukira mawu a anesi. Mu Grand-Pa muli aspirin, ndipo aspirin, ibuprofen ndi diclofenac zikhoza kuyambitsa zilonda m'chifu chodulidwa. Chololedwa ndi paracetamol. Tatulutsa mankhwala onse oterewa m'kabati n'kuwaika m'chikwama cha abambo. Aliyense amene akukonzekera opaleshoni ngati iyi auze a m'nyumba mwake zimenezi asanapite kuchipatala, chifukwa amene amathamangira ku spaza si wodwala.

Madzi lero: timakapu 38. Ndayenda mphindi 10 katatu m'khonde, kuti magazi asaundane m'miyendo.

Loweruka, 14 Juni. Tsiku 11

Tsopano ndili pa zamadzimadzi zolemererako: mkaka wopanda mafuta, yogati yopanda shuga, shake ya mapuloteni, ndi amasi, omwe kwathu timati chambiko. Amasi andipulumutsa. Shake ija imakoma ngati switi ndipo tsiku lachitatu inayamba kundichititsa nseru ndikangoinunkhiza. Kapu ya amasi ya 250 ml ili ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni, ndipo ndikathiramo mkaka waufa amawonjezeka. Imanditengera ola lathunthu kuti ithe.

Njala ya m'mimba ndilibe. Anandifotokozera kuti gawo lomwe anachotsa ndi lomwe limatulutsa kwambiri ghrelin, kamene kamauza ubongo kuti munthu ali ndi njala. Koma pali njala ina yomwe mpeni sunakhudze. Ili m'mano ndi m'manja. Madzulo ano mwana wanga wamkazi amaphika nsima, ine ndili pampando pabalaza. Ndinamva phala likubwadamuka, mthiko ukugunda m'mbali mwa poto, kenako fungo la nkhoko ikupserera pansi. Dzanja langa lamanja linayamba lokha kuumba mbamu pa chitenje. Ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo misozi inatuluka. M'mimba munalibe chosowa chilichonse. Chimene chinandipweteka n'chakuti anthu anga anasamba m'manja n'kuzungulira tebulo, ine kulibe.

Abambo anabwera n'kuima pakhomo. "Amayi, tiyeni mukhale nafe, ngakhale ndi kapu yanuyo." Ndapita. Kuyambira lero sindidzathawanso pa tebulo.

Lachiwiri, 17 Juni. Masabata 2

Sikelo ya kuchipatala: 107.4 kg. Mabala a kunja auma. Shuga wa m'mawa, ndisanadye kanthu, akukhala pakati pa 6 ndi 7, pomwe kale ankafika 10 ndili pa mankhwala. Adokotala achepetsa mankhwala a shuga ndipo akuti ndizipimabe tsiku lililonse.

Katswiri wa zakudya wandilola kuyamba zogaya. Lamulo lake: chilichonse chikhale chosalala ngati yogati, chopanda kabulu ngakhale kamodzi, masupuni awiri kapena atatu akuluakulu pa chakudya chimodzi, ndipo chidyedwe kwa mphindi 20 mpaka 30. Madzi ndisiye mphindi 30 ndisanadye, ndiyambirenso patatha mphindi 30 nditadya. Madzi ndi chakudya sizikwana limodzi m'kathumba kaja, ndipo madzi amakankha chakudya chisanakhazikike.

Pepala la zitsanzo lomwe wandipatsa lili ndi cottage cheese, hummus, nsomba yoyera ya m'nyanja yamchere. Si zoipa, koma si za m'khitchini mwanga. Ndinamufunsa za pap, poti nsima saidziwa ndi dzina lathu. Anapukusa mutu. Akuti pap, buledi, mpunga ndi pasta zibwere kumapeto kwenikweni, chifukwa zimafufuma ndi kumatana m'chifu, zimalanda malo, pomwe mapuloteni ake ndi ochepa. Ndiye tinakhala naye pansi theka la ola, ine ndikutchula ndiwo zakwathu, iye akufunsa kuti zimapangidwa ndi chiyani. Nyemba analola bola zichotsedwe makoko. Usipa analola bola usakhale ndi minga. Nsinjiro anati pang'ono chifukwa cha mafuta.

Lachisanu, 20 Juni. Tsiku 17

Chipere. Sindinaganizepo kuti ndiwo yomwe agogo ankaphika kumudzi ku Zomba idzakhala mankhwala anga ku Joni. Ndinaviika nyemba usiku wonse, m'mawa ndinazifikisa m'manja mpaka makoko onse anayandama, ndinazitsuka, n'kuziphika mpaka zinaphwanyika zokha. Agogo ankatakasa ndi mthiko. Ine ndinazipititsanso mu blenda ndi msuzi wa nkhuku pang'ono. Mafuta sindinathire.

Ndinapakulira m'sosala ya kapu ya tiyi, n'kutenga kasupuni kakang'ono. Supuni yoyamba ndinaisunga m'kamwa nthawi yaitali. Mchere, kufunda, fungo la nyemba zenizeni patatha masiku 17 a zinthu zamadzi. Ndinadya timasupuni 7. Pa kachisanu ndi chiwiri mphuno inayamba kuchucha ndipo ndinageya kamodzi. Anandichenjeza kale kuti kwa anthu ena chizindikiro cha kukhuta chimabwera choncho, kapena ndi ntchilikiro. Ndinaika supuni pansi.

Usipa ndaupanga motere: ndauchotsa mitu, ndaukazinga pouma popanda mafuta, ndausinja mu kamtondo kamene ndinagula pamsika wa ku Yeoville, n'kuusefa kawiri. Ufa wakewo ndikuthira supuni imodzi mu dzungu logaya. Dzungu palokha lilibe mapuloteni okwanira, koma likakumana ndi usipa limakhala chakudya. Zomwe zatsala ndazigawa m'kathileyi ka ayisi n'kuika mufiriji, kabokosi kamodzi ndi chakudya chimodzi.

Lachinayi, 26 Juni. Tsiku 23

Ndinabwerera kuntchito Lolemba. Ndimagwira za malipiro pakampani ina ya mathiraki ku City Deep, ntchito yokhala pampando, ndiye adokotala analola bola ndisanyamule zolemera mpaka masabata 6 atakwana. M'mawa pageti pamakhala magwinya, mandasi a kuno, otentha, masana makaravani amagulitsa pap ndi nyama yootcha. Ine ndimatsegula kabokosi kanga. Anzanga amayang'ana, ena amafunsa, ena amangoyang'ana.

Sikelo yaima pa 106.8 kg masiku 6 tsopano. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndalakwitsa penapake, koma katswiri uja akuti kuima kotere cha m'sabata yachitatu kumachitikira ambiri, thupi likusintha kasungidwe ka madzi. Wandiuza kuti ndizikwera sikelo kamodzi pa sabata. Ndaichotsa kubafa, ili pansi pa bedi.

Vuto lenileni la sabata ino ndi kudzimbidwa. Masiku anayi osapita kuchimbudzi. Chakudya n'chochepa, madzi sakukwana, masamba palibe. Andipatsa mankhwala ofewetsa. Cholakwa changa ndachiona: ndimasiya kumwa madzi ola limodzi ndisanakwere taxi poopa kusowa chimbudzi panjira, ndipo m'mawa ndi madzulo ndimataya maola pafupifupi anayi. Ndayamba kudzuka 4:30 kuti ndimwe makapu awiri ofunda mwachifatse ndisananyamuke.

Madzi: malita 1.3. Mapuloteni: magalamu 52.

Lachitatu, 2 Julayi. Tsiku 29

Dzulo ndinaloledwa zofewa, kutanthauza chilichonse chomwe chingaphwanyike ndi foloko. Lero ndaphunzira ndi ululu tanthauzo la mawu akuti tafunani.

Ndinaphika dzira limodzi lopalasa. Linauma pang'ono chifukwa ndinatembenukira kwa mwana amene amasaka sokosi yake ya kusukulu. Ndinadya chiimire, ndikulankhula, maso pa wotchi. Supuni yachitatu ndinaimeza nditangotafuna kawiri kapena katatu, monga ndakhala ndikuchitira zaka 44. Inaima pansi pa fupa la pachifuwa. Sikunali kutsamwa kwa pakhosi, mpweya unkalowa bwinobwino, koma panali ngati wina wakanikiza chibakera mkati. M'kamwa munadzadza malovu onanda, athovu, otuluka osaleka. Maganizo oyamba anali akuti ndimwe madzi atsike. Ndinamwa pang'ono, ndipo ululu unawirikiza, chifukwa madziwo anangokhala pamwamba pa dzira. Ndinayenda uku ndi uku m'khonde, ndikulavulira m'kapu, mphindi 25. Pomaliza dziralo linabwerera momwe linalowera.

Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 11, anaima pakhomo la bafa sokosi ili m'manja. "Amama, tiimbire ambulansi?" Ndinamuuza kuti ayi, zapita. Koma nkhope yake sindiiwala.

Ndinaimbira anesi. Anafunsa ngati ndili ndi malungo, ngati mtima ukuthamanga kupitirira 120 pa mphindi, ngati phewa lakumanzere likupweteka, ngati ndikulephera kupuma. Zimenezo ndizo zizindikiro zomwe zingasonyeze kuti mzere uja ukudontha, ndipo zikaoneka munthu sadikira kuti kuche. Ndinalibe n'chimodzi chomwe. Akuti lero lonse ndibwerere ku zamadzimadzi, mawa zogaya, kenako ndiyesenso. Anawonjezera kuti kusanza kukapitirira masiku, ndisakhale nako kunyumba, chifukwa vitamini B1 imatha msanga m'thupi la munthu wosanzasanza ndipo kusowa kwake kumawononga mitsempha.

Ndalemba pa kapepala n'kumata pafiriji: khala pansi, tafuna ka 25, ika supuni pansi. Walira mvula walira matope. Opaleshoniyi ndinaipempha ndekha.

Lamlungu, 6 Julayi. Tsiku 33

Tsiku la ufulu wa dziko lathu. Titatuluka m'tchalitchi tinasonkhana pabwalo la banja lina ku Turffontein, monga timachitira chaka chilichonse. Mapoto atatu a nsima, chambo chomwe chinabwera pa basi, nkhuku, nyama pamakala, mpiru wotendera, thobwa m'chidebe. Ndinanyamula kabokosi kanga ka nkhuku yophika mpaka kusansuka.

Ndinkadziwa kuti tsiku limeneli lidzakhala lovuta kuposa dzira lija. Kwathu munthu sakana chakudya cha mwini nyumba. Komanso kwathu kunenepa kuli ndi tanthauzo: wapita ku Joni, zikumuyendera. Kuwonda msanga nakonso kuli ndi tanthauzo lake, ndipo tonse amene tinaika abale m'manda zaka za m'ma 1990 ndi 2000 tikulidziwa popanda wolitchula. Diresi langa layamba kulendewera m'mapewa. Ndinaona amayi awiri akundiyang'ana, kenako n'kuyang'ana abambo akunyumba.

Mayi wina wachikulire, yemwe anandilandira m'nyumba mwake nditangofika m'dziko lino, anandibweretsera mbale: mitanda iwiri, chambo chathunthu, Fanta pambali. "Mwana wanga, idya. Wathatu iwe. Ukudwala chiyani chomwe ukutibisira?"

Ndikanatha kunena kuti ndadya kale. Ndinaganiza bodza limenelo usiku wonse. Koma ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse: shuga, BP, mawondo, opaleshoni, kathumba ka nthochi. Ndinawasonyeza ndi zala kukula kwake. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye anakudula chifu uli bwinobwino?" Ndinati sindinali bwinobwino amayi, ndinkangooneka choncho. Anatenga mbale ija, anachotsa nsima, anasankha mnofu wa pamsana pa chambo ndi zala zawo, anachotsa minga imodziimodzi, n'kundipatsa pa sosala. Ndinadya theka lake mwachifatse iwo akundiyang'anira.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa thobwa. Patapita nthawi ndinaona kuti kukananso kachiwiri kukhala mwano, ndipo ndinamwa pafupifupi theka la kapu. Munali shuga wambiri. Mphindi 20 zisanathe thukuta linatuluka pamphumi ngakhale kunkazizira, mtima unkagunda m'makutu, miyendo inalefuka, m'mimba munkapota. Ndinagona m'galimoto theka la ola. Madokotala amati dumping: zotsekemera zimathamangira m'matumbo nthawi imodzi n'kukoka madzi a m'thupi. Zimachitika kwambiri kwa amene anapangidwa opaleshoni ina ya chifu yotchedwa gastric bypass, koma ife a sleeve nafenso zimatipeza. Thobwa ndi mahewu a m'sitolo ndazisiya kaye.

Pochoka, mayi wina yemwe sitilankhulana kawirikawiri ananditsatira mpaka pageti. Amuna ake shuga wayamba kuwawononga maso. Anafunsa kuti munthu amayambira pati. Ndinamuuza momwe ine ndinayendera: dokotala wa shuga, kenako wa opaleshoni, wa zakudya, wa za maganizo, ndi miyezi yambiri yolemberana ndi a medical aid, inshuwalansi ya zachipatala. Ndikanati ndadya kale, sakanabwera.

Lachiwiri, 15 Julayi. Masabata 6

102.1 kg. Zolimba zaloledwa, chimodzichimodzi, chatsopano chimodzi pa tsiku kuti chikavuta ndidziwe kuti ndi chiti. Mankhwala oteteza chifu ku asidi ndipitirize. Mavitamini ndi a moyo wonse: multivitamin, calcium ndi vitamini D, ndipo B12 aziiyeza m'magazi, chifukwa chifu chochepa chimavutika kuikonza kuti thupi liilandire. Calcium ndi iron zisamwedwe nthawi imodzi, pakhale maola awiri pakati, poti zimalimbirana njira. Anandichenjezanso za miyala ya mu ndulu, yomwe imakonda kubwera munthu akamatsika msanga, ndi za tsitsi lomwe limayamba kuthothoka cha pa miyezi itatu.

Ndondomeko ya mbale ndi iyi: zomanga thupi poyamba, masamba pambuyo, ndipo ngati malo atsala, nsima.

Loweruka, 19 Julayi

Abambo anapita ku Park Station kukalandira katundu wochokera kumudzi. Amayi anga atumiza ufa woyera wa chimanga cha m'munda mwawo, usipa, nsinjiro ndi mfutso wa nkhwani. Pa WhatsApp anandifunsa funso lomwe akhala akufunsa sabata iliyonse chichitikireni opaleshoni: "Wayamba kudya?" Ndakhala ndikuwauza kuti ndikudya chipere, nsomba, mazira, nkhuku. Iwo amayankha kuti, "Eya, koma kudya wayamba?" Kwa amayi anga, munthu amene sanagwire nsima wagona ndi njala.

Lamlungu, 20 Julayi. Tsiku 47

Ndaphika ndekha. Ufa wa amayi, woviika ndi kuyanika padzuwa, uli ndi kafungo kowawasa pang'ono komwe ufa wa m'sitolo za kuno ulibe. Ndinaphika phala, ndinalisiya libwadamuke nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kupatula kachigawo kanga m'kapoto kena kuti kakhale kofewa. Ya anthu ena ndinaivundula yolimba monga amaikondera. Ndinaomola mitanda yawo ndi chipande, wanga ndi supuni.

Tinasamba m'manja. Pa sosala panga panali nsomba ya m'chitini yophika ndi tomato, mfutso wotendera wophika mpaka kufeweratu, ndi kamtanda kaja pambali. Dzanja linapita lokha pa nsima. Ndinalibweza. Ndinadya nsomba kaye, kakang'ono kakang'ono, ndikuwerenga m'mutima. Kenako masamba, timasupuni tiwiri. Nditatha zimenezi ndi pamene ndinatema mbamu yofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, ndinaiviika mu msuzi, n'kuiika m'kamwa.

Nsima sititafuna, timameza. Ndinali ndisanazindikirepo zimenezi mpaka lero. Mbamu imaumbidwa m'dzanja kuti itsetsereke kukhosi, mano amangoiperekeza. Ine ndinaitafuna ka 25 mpaka inasanduka phala m'kamwa, ndipo inakoma mosiyana, ngati yotsekemera pang'ono. Inatsika. Ndinadikira mphindi ziwiri. Yachiwiri inatsikanso, koma inakhala molemera, ndipo mphuno inayamba kuchucha. Ndinasiyira pomwepo. Mbamu ziwiri.

Pamenepa ndi pomwe ndaona kukula kwa ntchito yomwe ndili nayo. Tili ana, mwana wodya ndiwo zokhazokha ankamenyedwa padzanja. Agogo ankati, "Nkhuli imeneyo! Tema nsima yaikulu, ndiwo ungosusa." Anali ndi chifukwa chawo: kambale kamodzi ka usipa kanali ka anthu 8, ndipo nsima ndiyo inkatigoneka. Ndinakula ndikudziwa kuti nsima ndi chakudya, ndiwo n'zoperekeza. Ndi mmenenso ndinkadyera kuno, ndiwo zitachuluka kale, mitanda itatu usiku uliwonse, m'munda mulibe, ndili pampando tsiku lonse. Tsopano mbale yatembenuka. Ndiwo ndizo chakudya changa, nsima ndiyo ndikususa. Kudula chifu kunatenga maola osakwana awiri, koma dzanja lomwe linaphunzitsidwa ndi agogo likuthamangirabe ku nsima, ndipo ndiyenera kulibweza pa chakudya chilichonse.

Chinanso chovuta ndi madzi. Ukatha kudya nsima, kukhosi kumafuna kapu yodzadza. Ndinayang'ana wotchi mphindi 30 zonse.

Madzulo ndinaimbira amayi. Ndinati ndayamba kudya. Anafunsa kuti mitanda ingati. Ndinati mbamu ziwiri. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ufawo ulipo wambiri, usafulumire."

Lachitatu, 30 Julayi. Sabata 8

Zomwe zalowa bwino: ntchafu ya nkhuku yophika mu msuzi, mince, dzira lowiritsa lofewa, nyemba zamakoko, mapeyala, papaya. Zomwe zakana: chidale cha nkhuku chootcha, chouma kwambiri, buledi, kagawo kamodzi kanamata ngati ulimbo, mpunga, kabichi wosapsa. Nyama yotenthetsa mu microwave imauma ndipo yandivutitsa kawiri, ndiye ndikutenthetsa m'poto ndi msuzi.

Chilungulira chinandidzutsa usiku kawiri sabata yatha. Ndasuntha chakudya chamadzulo kuti chizikhala maola atatu ndisanagone, ndipo ndawonjezera pilo. Banja lonse lasuntha nane, tikudya 6:30 m'malo mwa 8:30. Abambo akaweruka mochedwa ndimakhala nawo pa tebulo ndi kapu ya rooibos.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: zinthu zopanda phindu zimalowa mosavuta. Lolemba kuntchito kunali mabisiketi, ndinadya awiri, ndipo sanandivute n'komwe. Amasungunuka m'kamwa n'kudutsa ngati madzi, pomwe nkhuku imafuna mphindi 25 za ntchito. Ndaona njira yomwe munthu angabwererere komwe anachoka chifu chili chaching'ono chomwecho. Ndamuuza katswiri wa zakudya, ndipo tagwirizana kuti ndizidya katatu pa tsiku ndi tokamwula tiwiri tokonzeratu, yogati kapena dzira, osati kumangotola zomwe zili pafupi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti. Masabata 10

97.6 kg. Kutsika pansi pa 100 ndinali ndisanakuone chibadwire mwana wachiwiri. Shuga wa m'mawa 5.8. Mankhwala amodzi a BP achotsedwa. Masitepe a pafulati ndikukwera osaima. Loweruka tinayenda ndi abambo mphindi 40 ku Rhodes Park ku Kensington, mphepo ya Ogasiti ikuwomba fumbi m'maso, ndipo mawondo sanadandaule.

Chakudya chimodzi tsopano ndi pafupifupi theka la kapu. Madzi malita 1.6 masiku ambiri. Mapuloteni amafika 60 ndikayamba tsiku ndi dzira ndi amasi, koma ndikaphonya m'mawa sindipezanso pobwezera. Nsima ndikudya kawiri pa sabata, mbamu zitatu, pomaliza. Lachisanu lapitali malo sanatsale nditadya nsomba ndi therere, ndipo kamtanda kanga kanabwerera kukhitchini kosakhudzidwa. Mwana wanga wamkazi anakadya mkute m'mawa.

Tsitsi layamba kutsalira pachipeso, msanga kuposa momwe ndinkayembekezera. Ndamasula zoluka kuti lisakokedwe. Magazi akayezedwa kumayambiriro kwa Seputembala, miyezi itatu ikakwana: iron, B12, vitamini D ndi shuga wa miyezi itatu.

Zomwe sindinayese ndi nyama ya ng'ombe, chimanga chootcha ndi mtedza wokazinga. Chimanga ndi mtedza zidikire. Lachinayi ndigula nyama ya pamsongolo, ndiiphike maola atatu mpaka isansuke yokha, ndipo ndiyamba ndi zidutswa ziwiri, nditakhala pansi.